Nkhope za m'katoni ya Che Abbas

Mwendo wa Che Abbas sudziwa kukhala phee. Ngakhale pa maliro, anthu ali duu kumvera uthenga, mudzaona phazi lawo lakumanja likupalasa pansi ngati pali makina. Iwo amati ndi matenda a utelala. Ine ndimati ndi matenda a mtima, chifukwa munthuyu ndi wosakhazikika kuyambira kuphazi mpaka pakamwa, ndipo ndikunena zimene ndikuzidziwa. Ndine Kettie, wa mandasi. Ndakhala nawo khonde limodzi pa golosale ya a Lodwick Kamphinda kuno ku Chipoka kuyambira mwana wanga woyamba ali kumsana, iwo ndi makina awo kumapeto uku, ine ndi beseni langa kumapeto uko. Mwanayo pano ali ndi ndevu.

Che Abbas si akuno. Anabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera kutsidya, cha ku Makanjira, ali mnyamata, makina osokera ali pamutu. Nthawi imeneyo doko linali doko. Katundu ankatsika m'sitima ya pamtunda kukwera ya pamadzi, ndipo maovolosi a anthu onyamula katunduyo ankang'ambika tsiku ndi tsiku. A Lodwick anali atangotsegula kumene golosale. Anawaona akuzungulirazungulira ndi makina padzuwa, n'kuwauza kuti akhale kaye pakhonde mpaka atapeza malo. Malowo sanawapeze, sanawafunenso. Anakwatira konkuno, mkazi anamwalira, ana awo anabalalika, wina ku Joni wina ku Nkhotakota. Munda alibe, bwato alibe. Khonde limenelo ndiye munda wawo. Miyendo ya makina inakumba timaenje pa simenti, moti m'mawa akamawatulutsa m'golosale, momwe amagona, makinawo amangolowa okha m'malo mwake. Dzuwa la m'mawa limafika bwino pamenepo, ndipo maso awo masiku ano amafuna dzuwa kuti ulusi ulowe pa singano.

Pa msomali wa pamwamba pa makina pamakhala kawailesi komanga ndi mphira. Kameneko ndiye kanali mkazi wawo wachiwiri. Nkhani zikamawerengedwa iwo ankayankha. Pulogalamu yoimba foni ikayamba ankatsutsana ndi aliyense woimba, wa ku Karonga, wa ku Nsanje, ngati akuwamva. Ndipo nkhani yake inali imodzi basi: pulezidenti. Ha, Che Abbas ndi mapulezidenti! Watsopano akangolumbira, munkawapeza atavala mkanjo wa Lachisanu pa Lachiwiri, akuti, “Wallahi, uyu ndiye. Uyu ndiye tinkamudikira.” Chaka choyamba ankamutchula kuti bambo. Ulusi ukakwera mtengo ankayamba kunena kuti mkulu uja. Shuga akasowa, wasanduka munthu uja. Pofika pa chisankho china ankangoti uja, n'kuloza wailesi ndi sizasi. Kenako wina alumbira, mkanjo wa Lachisanu watulukanso. Palibe pulezidenti amene sanamuvotere, palibenso amene sanamutukwane.

Ine ndinkawaseka, ndinkati mtima wawo uli ngati mwera, sudziwika tsiku. Koma tinene zoona, Chipoka yense ndi wotero. Asodzi, a kabaza, aphunzitsi obwera kuchokera m'maboma ena, tonsefe timakonda munthu n'kudana naye yemweyo nthawi yake isanathe, kungoti enafe timanenera m'nyumba. Che Abbas ankanenera pakhonde. Anthu ankagula mandasi awiri n'kukhala mpaka dzuwa kuwawa kuti amve kuti lero pulezidenti wafika pati. Tsiku lina kunabwera mtsikana wa ku Lilongwe, wa aja ofufuza maganizo a anthu, ali ndi chifoni chachikulu. Anawafunsa ngati akukhutira ndi utsogoleri wa dziko: kwambiri, pang'ono, kapena ayi. Iwo anamufunsa kuti akufuna yankho la m'mawa kapena la madzulo.

A Lodwick ndiye anali osiyana. Iwo anali a chipani cha Mtondo, chikhale m'boma chikhale kunja, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhala tcheyamani wa dera lathu. Awiriwa ankakangana tsiku lililonse limene Mulungu analenga, a Lodwick ali kuseri kwa kauntala, Che Abbas ali pa makina, mawu akudutsa pa zenera la waya. Che Abbas akati uja watigulitsa, a Lodwick ankati telala angadziwe chiyani za chuma cha dziko, munthu wongoyeza matako a anthu. Ikakwana teni koloko a Lodwick ankatulutsa makapu awiri a tiyi, ine n'kuikapo mandasi, nkhondo n'kuima. Pa Ramadani ankamwera tiyi wawo m'kati, kuseri kwa matumba a ufa, kuti mnzawo asaone. Mkazi wa Che Abbas atamwalira, a Lodwick anatseka golosale, anapereka nsalu ya sanda, n'kunyamula nawo jeneza mpaka kumanda, mkulu wa mpingo wathunthu ali pakati pa Asilamu. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, ndiye munthu asandiuze kuti panalibe chikondi.

Tsono kuti mumvetse zimene zinachitika, muyenera kudziwa kasokedwe ka nsalu ya chipani. Si chitenje wamba choti umangodula pamene sizasi yafika. Pamakhala nkhope ya mtsogoleri, apa, apa ndi apo. Nkhopeyo sumaidula pakati. Sumaizondotsa. Sumaiika kumatako, poti munthu akakhala pansi ndiye kuti wakhalira bwana. Imodzi imapita pachifuwa, ina kumsana, ndipo nthawi zonse pamatsala ina yosowa kolowera. Yotsalayo ndiye vuto. Ukaitaya kudzala, wina aiona n'kukanena kuti telala wataya pulezidenti m'zinyalala. Kuiotcha, ayi ndiye ufiti weniweni. Kale mayi wina wa tiyi pa siteshoni anapukutira tebulo ndi chigamba chotere, anyamata a chipani anam'gubuduzira mapoto onse. Ndiye Che Abbas ankangoidula bwinobwino nkhope yotsalayo, kuipinda, n'kuiponya m'katoni ya sopo pansi pa makina. Ankasokera zipani zonse, zazikulu ndi zongobadwa pa kampeni, choncho m'katonimo munagona onse: olamula, otsutsa, ogwa, omwalira, anthu amene ankatukwanana pa wailesi, ataunjikana tsaya ndi tsaya. Iwo ankati ndi nyumba ya malamulo yokhayo imene sichita phokoso.

Chaka cha chisankho chapitachi zinthu zinauma. Mtondo unali m'boma, ndipo pulezidenti wake, kwa Che Abbas, anali atafika kale pa uja. Mafuta a galimoto anasowa, maminibasi a ku Salima ankagona pa mzere, sopo anakwera ngati wamera mapiko. Chipani cha Nkhafi, chotsutsa, chinayamba kudzaza mabwalo. Anthu amene ankapalana moto anasiya kupatsana moni chifukwa cha mtundu wa duku. Ku mjigo amayi ankaima mizere iwiri. Ine ndinayamba kuvala chitenje cha kutchalitchi tsiku lililonse kuti asandifunse.

A Lodwick anasiya kuseka. Akuluakulu a chipani ankawaimbira foni kuwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti pa khonde la tcheyamani ndiye pamene pakutukwanidwa boma. Tsiku lina anatuluka ndi kapu imodzi yokha ya tiyi, n'kuima pafupi ndi makina.

“Achimwene,” anatero, “chaka chino si chamasewera. Nsalu ya Nkhafi ndisaione pakhonde pano. Wailesi muzimvera, koma pakamwa mutseke. Mukalephera, mundikhululukire, makinawa muwapezere kwina.”

Che Abbas anayang'ana timaenje ta pa simenti tija, n'kuvomera. Anayesetsa ndithu, ndiwachitire umboni. Amayi a Nkhafi anawabweza ndi nsalu zawo. Nkhani zikamawerengedwa ankaluma ulusi m'malo moyankha. Zikawakwana ankanyamuka ngati akupita kukataya madzi, n'kukaima kuseri kwa golosale kumalankhula ndi mbuzi za eni ake, kenako n'kubwerera atapepukidwa pang'ono. Koma mwendo uja unkathamanga kawiri, makina akulira ngati njinga yamoto, ndipo ine ndinkaona kuti munthuyu tsiku lina aphulika. Sindinadziwe kuti chodzawagwetsa sichidzakhala pakamwa.

Kunabwera uthenga woti pulezidenti, podutsa pa msewu waukulu, adzaima pa Chipoka kulankhula ndi anthu. A Lodwick sanakhalenso pansi. Nsalu zinafika mochedwa monga mwa masiku onse, msonkhano uli pamphuno. Amayi ovina onse anafunika madiresi atsopano, ndipo wowatsogolera anali mayi Irene, akazi awo a tcheyamani. Mayi Irene ndi amene anabweretsa nzeru ya matumba. Pa msonkhano wa ku Salima amayi ambiri anaberedwa mafoni akuvina, ndiye anati diresi lililonse likhale ndi thumba lakuya la m'mbali, lobisika, loti foni izilowa yonse.

Thumba lobisika limafuna nsalu yakeyake ya m'kati. Ya chipani inabwera yoyeza, yongokwanira diresi basi. Nsalu yoyera ya matumba imagulidwa ku Salima, ndipo galimoto kunalibe. Che Abbas anakaima pa msewu mpaka dzuwa kufika pamutu, anabwerako ndi fumbi lokha. Kuuza mayi Irene kuti matumba alephereka anaopa, poti khonde linali kale pa ulusi umodzi. Ndinawaona akuyenda uku ndi uku, tepi ili m'khosi, akukanda mutu pansi pa mzuli. Kenako anakhala pansi, phazi linagunda katoni ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Nsalu yabwino, yolimba, yodula kale, kukula kwake ngati kwa thumba ndendende. Ndipo apa ndi pamene ulemu unawapweteka. Nkhope za pulezidenti wolamula zinalipo zotsala, koma anati sangamuike mwini dziko m'chiuno mwa munthu, momwe mumalowa fodya wa mphuno ndi mipango ya chimfine, kumeneko n'kunyoza. Ndiye anasankha za enawo.

Ndinawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Anati m'thumba mumalowa dzanja, simulowa diso.

Tsikulo linafika, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anayamba kudikira m'mawa, pulezidenti anafika dzuwa litapendeka, amayi atavina mpaka mawu kusasa. Ine ndinali pomwepo ndi beseni langa, poti msonkhano ndi msika, kaya ndi wa ndani. Madiresi anakongola, abale, zimenezo palibe angatsutse. Mdipiti wa galimoto utaima, pulezidenti anatulukira pa denga la galimoto akugwedeza dzanja, ndipo mayi Irene, ali kutsogolo penipeni, anafuna kujambula. Anapisa m'thumba. Dzanja linali ndi thukuta, foni inakakamira, anakoka mwamphamvu. Foni inatuluka, thumba nalo linatuluka lonse n'kumalendewera panja. Ndipo apo, pa chiuno cha mkazi wa tcheyamani wa Mtondo, panali mtsogoleri wa Nkhafi, akumwetulira mano onse pamtunda, moyang'anizana ndi pulezidenti.

Mayi Irene sanadziwe kanthu, anapitiriza kuvina, nkhope ija ikudumphadumpha. Woyamba kuona anali wa kabaza wina, anaseka mpaka kugwa ndi njinga yomwe. Mafoni amene ankajambula pulezidenti anatembenukira kwa mayi Irene. Amayi enawo poona zimenezo aliyense anapisa m'thumba mwake kuti aone, ndipo taonani, nyumba ya malamulo yonse inatuluka. Uyu watulutsa pulezidenti wakale, uyo watulutsa womwalira, winayo mtsogoleri wa kachipani koti tinakaiwala kalekale. Gogo wina atatulutsa wake anati, “Aa, koma uyu ndiye ankatipatsa feteleza,” n'kumamusisita. Pulezidenti analankhula pang'ono za msewu ndi za doko, mdipiti unanyamuka. Kaya anaona kaya sanaone, ine sindikudziwa. Koma dzuwa lisanalowe kanema anali m'foni iliyonse kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chinguluwe.

Ndinaseka, sindikana, mpaka nthiti kuwawa. Kuseka kunandithera nditaona anyamata a chipani, odzipaka penti kumaso aja, akuthamangira ku golosale. Ndinasenza beseni n'kuwatsatira.

Che Abbas sanapite ku msonkhano, anali pa makina akuika chigamba pa kabudula wa sukulu. A Lodwick anafika patsogolo pa anyamatawo, ali wefuwefu, shati ya chipani itanyowa. Sanafunse kanthu. Ananyamula makina okha, munthu wodwala shuga, n'kukawatula pakati pa msewu wafumbi. Anabwerera, anatenga katoni n'kuiponya komweko, nkhope zinamwazika. Anazula wailesi pa msomali. Kenako anaima pa sitepe n'kutukwana mnzawo wa zaka zonsezi pamaso pa anthu: kazitape, mlendo wosayamika, njoka yowetera m'nyumba. Anyamata aja, poona kuti tcheyamani wagwira yekha ntchito, anangoponda nkhope zija, kuwakankha Che Abbas kangapo, n'kumapita kukalandira zawo. Ena amati a Lodwick anachitira dala kuti telala asamenyedwe. Ena amati ankadzipulumutsa okha. Ine ndinali pomwepo ndipo mpaka lero sindidziwa, mwina ngakhale eni akewo sadziwa.

Che Abbas anagwada m'fumbi, kutola nkhope imodziimodzi, kuikutumula, kuibwezera m'katoni. Ndinapsa mtima, ndinawakalipira kuti azisiye zinthu zawagwetsa m'mavutozo. Anati sangasiye anthu pamsewu.

Anakakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa msika wa nsomba. Kumeneko ndi kwa ntchentche. Pansi ndi mchenga, makina ankapendama, mzere unkakhota. Mthunzi unkawabisira diso la singano, moti ankadikira wodutsa kuti awalowetsere ulusi. Madzulo ankasenza makina kupita nawo kunyumba, m'mawa kubwera nawo, munthu wa imvi. Masiku ena miyendo inkawatengera yokha njira ya ku golosale, n'kudzazindikira ali pa kona, makina ali pamutu, kenako n'kutembenuka ngati aiwala kanthu. A Mtondo anawanyanyala, a Nkhafi ankaopa kuoneka nawo chisankho chisanachitike. Ndinkawapititsira mandasi, ndipo funso linali lomwelo: pa malo panga paja pakhala munthu? Ndinkati ayi, a Lodwick aikapo makireti a zakumwa.

Nawo a Lodwick zinawavuta. Chipani chinawachotsa utcheyamani ponena kuti mwendo wina uli ku Nkhafi, ndipo mayi Irene anasiya kupita ku mjigo. Ine ndinkawalalatira pa zenera kuti munthu wopanda munda mwamuthamangitsa chifukwa cha chigamba, manyazi mulibe? Ankangoti, mayi, gulitsani mandasi. Tiyi wa teni koloko ankamwera m'kati. Khonde linangoti zii, ngakhale mandasiwo sankayenda.

Chisankho chinachitika, Mtondo unagwa, Nkhafi inatenga boma. Mmene zotsatira zimalengezedwa, anyamata omwe aja anali atasamba penti yakale n'kupaka ina. Ndipo mwadzidzidzi Che Abbas anasanduka munthu wamkulu. Eti mneneri! Eti anaona patali, anaika wopambana m'thumba anthu asanavote n'komwe. Anawanyamula m'mwamba kuzungulira nawo msika, iwo akudandaula kuti awatsitse, msana ukuwawa. Anayesa kufotokoza kuti kunalibe galimoto yopita ku Salima, palibe anamva. Mkanjo wa Lachisanu unatuluka ndithu, poti chizolowezi sichifa, koma “uyu ndiye” wake anali wofooka. A Nkhafi anawalonjeza kashopu ka njerwa ukamangidwa msika watsopano. Iwo anafunsa ngati kashopuko kadzayang'ane kum'mawa, anthu anaseka, ndipo msikawo mpaka lero ndi mawu okhaokha.

Mitambo ya mvula itayamba kuoneka kutsidya, ndinali pansi pa nimu paja pamene ndinaona a Lodwick akubwera, ataonda, kanthu kokulunga m'nyuzipepala kali kukhwapa. Golosale inali ikufa. Anthu a boma latsopano sankagulamo, ndipo oda ya ufa ndi sopo ya ku sukulu ina yogonera komweko inali itapita kwa wina. Anapereka moni ngati anaonana dzulo. Anamasula nyuzipepala ija: nsalu ya Nkhafi, yatsopano, yonunkhira sitolo. Anati akufuna shati. Ine ndinati ndilankhule, Che Abbas anandiletsa ndi dzanja. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kuyeza mapewa, ngakhale miyezo ya a Lodwick amaidziwa pamtima.

Ali chiimire, manja atatambasula, nkhope atalozetsa kumsika, a Lodwick analankhula.

“Makireti aja ndachotsa, achimwene. Malo anu alipo. Koma Loweruka kubwera a komiti ya Nkhafi kudzandilandira. Akakufunsani za matumba aja, mudzanene kuti ndinakutumani ndine.”

“Munandituma?”

“Kuti ndinali wawo kuyambira kale, mobisa. Zokutulutsani zija zinali zongophimba anthu m'maso. Ndi mawu ochepa chabe.”

Tepi inaima pa msana wa a Lodwick. Phazi lija, kwa nthawi yoyamba chidziwireni munthuyu, linaima nalonso. Che Abbas anena zambiri m'moyo wawo, zina zopusa, zina zosintha ndi mphepo, koma chilichonse ankachinena akuchikhulupirira pa nthawi imeneyo. Bodza lochita kukhalira pansi sankalidziwa. Anayang'ana mchenga, anayang'ana ntchentche pa makina, anayang'ana kumene kuli golosale. Kenako anauza a Lodwick kuti atsitse manja, amaliza kuyeza.

Ndinalimbana nawo sabata yonse. Ndinati munthu anakutchulani njoka pamaso pa Chipoka yense, lero mukamuchape ndi lilime lanu? Anati mvula ili pafupi, makina sangapirire dzinja pansi pa mtengo. Ndinati bwerani pa khonde la kunyumba kwanga. Anati kwanu kumayang'ana kumadzulo, komanso sikudutsa munthu. Ndinati pitani kwa mwana wanu ku Nkhotakota. Anati akakhale pa khonde la mkamwini kudikira kuitanidwa ku chakudya ngati mphaka? Ndinati nanga Mulungu? Lachisanu anapita ku mzikiti, anachedwa kutuluka kuposa masiku onse.

Loweruka a komiti anafika, anakhala pa mipando ya pulasitiki pakhonde pomwepo. A Lodwick anavala shati yatsopano, nkhope ina pachifuwa ina kumsana, yosokedwa bwino ngati zonse za Che Abbas. Telala anaitanidwa. Anaima pa timaenje tawo tija, ndipo wamkulu wa komiti anawafunsa pamaso pa anthu ngati n'zoona kuti a Kamphinda ndi amene anakonza za matumba.

“Eya,” anatero Che Abbas. “Anandituma.”

Anthu anaomba m'manja, amayi anaimba nthungululu, mayi Irene ndiye anatsogolera nyimbo. Ine ndinanyamula beseni langa n'kupita kuseri, chifukwa misozi inali itayamba ndipo sindinkafuna kuti anthu amenewo aione.

Makina anabwerera m'timaenje take. Dzuwa la m'mawa likufika, ulusi ukulowa, makapu awiri akutuluka teni koloko. A Lodwick pano ndi wachiwiri kwa tcheyamani wa Nkhafi, oda ya ku sukulu inabwerera. Wailesi ili pa msomali womwe uja. Koma anthu anasiya kudzakhala pakhonde, chifukwa palibe chomva. Shuga wakweranso, mafuta ayambanso kusowa, Chipoka yense wafika kale pa munthu uja. Nkhani zikamawerengedwa ndimawayang'ana Che Abbas, ndimaona mawu akukwera pakhosi, kenako amaluma ulusi. Ulendo uno palibe anawaletsa. Tsiku lina ndinawaputa dala, ndinati nanga bambo wathuyu mukumuona bwanji masiku ano? Anati munthu amene ananama pamaso pa anthu alibe pakamwa ponenera mnzake kuti ndi wabodza. Zinandiwawa kuposa tsiku limene makina anatulutsidwa pamsewu. Mwendo wokha ndiwo watsala, ukupalasabe ngakhale palibe chosoka.

Dzana a Lodwick anatuluka ndi tiyi, anaika kapu pa makina, anayang'ana uku ndi uku, n'kugogoda katoni ija ndi nsapato.

“Za Mtondo zija zilimo, eti?” anafunsa motsitsa mawu. “Musazitaye, achimwene. Za mawa sizidziwika.”

Che Abbas anati zilimo, onse alimo. Anakankhira katoni m'kati ndi phazi n'kupitiriza kusoka. Tiyi anazizira pomwepo.